Benz yanga ya pa njerwa ikundilemeretsa

M'mawa wa tsiku limene petulo anadumpha kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita mu Novembala 2023, kudera kwathu kunali ngati kwagwa zovuta. Aneba anga a Sienta anaima pageti manja ali m'khosi. Mnyamata wa kabaza amene amaimika njinga yamoto pansi pa mtengo wa mango anangoti kukamwa yasa. Pasiteji, kondakitala anali atakweza kale mtengo. Ndikukhulupirira anaukweza wailesi isanamalize n'komwe chiganizo. Munthu mmodzi yekha ndiye anatuluka m'nyumba akuimba mluzu, kapu ya tiyi wopanda mkaka ili m'manja. Munthuyo ndine. Ine tsiku limenelo ndinalemera.

Musandione kupanikizika pampando wakumbuyo wa minibasi, mawondo ali pachibwano, n'kumandiyesa mnzanu. Ine ndili ndi Benz. Sindikunena tima Benz ta masiku ano tofanana ndi sopo wosambira kale ayi. Yanga ndi Mercedes-Benz 450 SLC ya mu 1977, ya zitseko ziwiri, mphuno yaitali, nyenyezi yaikulu ngati mbale ya ndiwo kutsogoloku. Injini yake ndi ya masilinda 8, kukula kwake malita 4.5. Anaipanga ku Sindelfingen, pafupi ndi Stuttgart ku Germany, ndipo galimoto za mtundu wa SLC anangopanga 62,888 zokha kuyambira 1971 mpaka 1981. Papepala imathamanga makilomita 215 pa ola. Pabwalo panga yakhala zaka zinayi pa njerwa 16, zinayi pangodya iliyonse. Ulendo wake wautali chiigulireni unachitika tsiku limene njerwa imodzi inaphwanyika ndi mvula, galimoto n'kutsika pang'ono mbali ya kumanzere. Ana anawomba m'manja.

Tsono tengani pensulo tiwerengere limodzi, poti ena mukuganiza kuti ndayamba kumwa m'mawa. Thanki ya galimoto imeneyi imalowa malita 90. Pa mtengo wakale, kuidzaza kunali K157,140. Pa mtengo watsopano wa tsiku limenelo kunafika K227,700. Injini yotereyi simwa mafuta ngati mlendo, imamwa ngati mwini mowa. Lita imodzi ikakuyendetsani makilomita 7 muthokoze. Ndiye kuti munthu woyendayenda ngati ine ndikanamadzaza thanki sabata iliyonse. Koma ine sindidzaza, chifukwa galimoto siyenda. Choncho pa mtengo umenewo, sabata iliyonse ndimapulumutsa K227,700. Pamwezi ndi K910,800. Pachaka ndi K11,840,400. Usiku umodzi wokha, ndili m'tulo, akuluakulu oyang'anira mitengo ya mafuta anandiwonjezera K70,560 pasabata, chinthu chimene abwana anga kuntchito alephera kuchita kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndiuzeni, ndani wina m'dziko muno amene wapindula chonchi?

Masamu amenewa ndinapita nawo kukhitchini, kumene mayi a kunyumba anali kukupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto. Anamvetsera modekha, monga amachitira akamamvera mlaliki wa m'basi.

"Zikomo abambo, mwalimbikira," anatero. "Ndiye pa ndalama zimene mwapulumutsazo mungondipatulirako ya shuga ndi sopo."

Ndinawafotokozera kuti chuma chamtunduwu sachigwira ndi manja. Iwo anati nsima yamadzulo nayonso ikhala yamtundu womwewo.

Galimotoyi ndinaipeza mu 2019 ku Thyolo, m'shedi ya pa esiteti ina ya tiyi, itafunda fumbi ndi masaka. Mwini wake woyamba anali atachoka kalekale, ndipo amene anatsala nayo ankangofuna malo oti aziikapo feteleza. Nditaipukuta ndi malaya, utoto wasiliva unawala, ine mtima unangoti phwii. Ndinaona ndikutsetsereka nayo msewu wa Chipembere, chigongono chili pawindo, anthu amene anandikana ngongole akundiyang'ana. Sindinagwade kuti ndione kunsi kwake. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma akuluakuluwo sanaonepo mipando yachikopa. Ndinapereka ndalama zimene tinkasungira malata a nyumba yathu yosatha ija, galimoto n'kubwera kuno ku Blantyre itakwera lole ya nthochi.

Mayi a kunyumba anaizungulira kamodzi, manja ali kumbuyo ngati a polisi ya pamsewu.

"Inu abambo, malata aja ndi amenewa?"

"Mayi, awa ndi malata a ku Germany."

Kuyambira tsiku limenelo amaitchula kuti "akazi anu aang'ono", ngakhale kuti galimotoyo inabadwa iwo asanabadwe. Ndikachedwa panja madzulo amauza ana kuti, "Kaitaneni bambo anu, ali kwa mayi anu aang'ono." Ine sindikwiya. Mitala yotereyi ndi yokhayo imene mpingo sunandiitanirepo kubwalo.

Makaniko woyamba ndinamutenga ku Ndirande, munthu woti injini ya minibasi amaiphwasula m'mawa, masana n'kukhala ikunyamula anthu. Anatsegula boneti, anachotsa chivundikiro chachikulu cha mpweya, anasuzumira, anakanda m'mutu ndi sipanala.

"Bwana, kabuleta anakuberani."

Sanandibere. Galimotoyi ilibe kabuleta chibadwire. Ili ndi chipangizo cha kampani ya Bosch chotchedwa K-Jetronic: mpweya ukamalowa umakankha kambale kachitsulo, kambaleko kamasuntha kamtengo kakang'ono m'kati mwa chogawira mafuta, ndiye petulo amagawika m'timapaipi 8 kupita ku silinda iliyonse. Mulibe kompyuta, ndi zitsulo zokhazokha zopimidwa mwaluso kwambiri. Vuto lake n'lakuti petulo akagona m'menemo zaka zambiri amasanduka phula, kamtengo kaja kamamatirira, ndipo munthu akakakanda ndi sandipepa monga ankafunira mnzangayu, ndiye kuti wakapha. Ndinamugwira dzanja sandipepa ili kale m'mwamba.

Anakhala pa njerwa yotsala, anaganiza, kenako ananena mawu amene mpaka lero amandidzutsa usiku.

"Bwana, bwanji tingoikamo injini ya Hiace? Mawa lomwe muyenda."

Injini ya Hiace! M'galimoto imene abale ake anagwedeza Africa! Ndinamukhazika pansi ngakhale anali atakhala kale. Ndinamuuza kuti mu 1978 Andrew Cowan anapambana ndi 450 SLC mpikisano wozungulira South America, ulendo wa makilomita pafupifupi 30,000. Ndinamuuza kuti mu Disembala 1979, pa mpikisano wa Bandama ku Côte d'Ivoire, m'fumbi ndi m'matope ngati athu omwewa, galimoto za 450 SLC 5.0 zinatenga malo oyamba, achiwiri, achitatu ndi achinayi, patsogolo pali Hannu Mikkola wa ku Finland, ndipo zinali za giya ya otomatiki, imene anyamata a pasiteji amati ndi ya anthu aulesi. Ndinawonjeza kuti chaka chomwecho pa Safari Rally ku Kenya, Mikkola yemweyo anakhala wachiwiri.

"Nanga woyamba anali ndani, bwana?"

Apa ndiye ndinalakwa kukhala munthu wonena zoona. Woyamba anali Shekhar Mehta, pa Datsun 160J.

"Datsun?" anatero akutolera masipanala. "Injini ya Datsun ndiye ndili nayo kunyumba."

Ndinamulipira ya thiransipoti. Koma taonani nzeru zanga: ndikanalola injini ya Hiace ija, bwenzi galimoto ikuyenda, ndipo bwenzi lero ndikulira limodzi ndi aneba a Sienta. Kukana kwanga kwandipulumutsira mamiliyoni.

Chimene chikuletsa kuliza injiniyi kwenikweni ndi kanthu kakang'ono. M'kati mwake muli tcheni chachitali chimene chimagwirizanitsa kuzungulira kwa injini ndi kutseguka kwa mavavu, ndipo tchenicho chimatsetsereka pa timapulasitiki. Tikakalamba timauma ngati chikonyo, timathetheka, chidutswa n'kugwera m'mano a giya. Tcheni chikadumpha dzino, mapisitoni amakumana ndi mavavu pamalo pamene sanapangane, ndipo injini ya ku Sindelfingen imasanduka zitsulo zogulitsa pa kilo. Aliyense wodziwa galimoto zimenezi amati usaikhudze kiyi usanasinthe timapulasitikito. Tonse pamodzi tingakwane m'thumba la jekete. Koma m'dziko muno mulibe, timachokera kunja, ndipo kunja sadziwa kwacha.

Ndiye kwa zaka zinayi ndakhala ndikuthamangitsa timapulasitiki ngati galu wothamangitsa lole. Pamene ndinkagula galimoto, dola inali isanafike K800. Ndinati ndiyambe ndapuma, ndibweze kaye ngongole ya lole ya nthochi. Ndinasonkhasonkha, ndipo ndalama zitatsala pang'ono kukwana, mu Meyi 2022 kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti. Ndinameza malovu, ndinayambiranso. Ndinasiya nyama, ndinazolowerana ndi bonya mpaka amphaka a m'dera lathu anayamba kundilonjera. Mu Novembala 2023, envelopu itayambanso kunenepa, ndinamva kuti aigwetsanso ndi 44 peresenti: dola imene inali K1,180 inafika K1,700. Katundu wa madola 100 amene dzulo lake anali K118,000, anafika K170,000. Umenewo unali mtengo wa kubanki, kumene amakuuzani mtengo wa dola mwaulemu kwambiri, kenako n'kukuuzani mwaulemu womwewo kuti dolayo palibe. Anyamata oima m'makona a m'tauni ali nayo, koma mtengo wawo amaunena motsitsa mawu, ngati akukuuzani za maliro.

Ana akandifunsa kuti galimoto iyenda liti, ndimati changotsala n'kapulasitiki. Mwana wanga wamng'ono anayamba kumva mawu amenewa ali kumkaka, pano ali sitandade 3, ndipo tsiku lina aphunzitsi atamufunsa chifukwa chimene sanamalizire ntchito ya kunyumba, anayankha kuti changotsala n'kapulasitiki.

Za dzimbiri ndingonena mwachidule, chifukwa zimandiwawa. Galimoto zimenezi zili ndi ngalande pansi pa galasi lakutsogolo zotulutsira madzi a mvula. Zikatsekeka ndi masamba, madzi amaima, n'kudya chitsulo cha pakati pa injini ndi miyendo ya dalaivala. Yanga inagona zaka pansi pa denga lodontha ku Thyolo, kumene mvula sichita kuitanidwa. Ndikakhala pa chiwongolero ndimaona udzu pakati pa mapazi anga. Wowotcherera zitsulo anabwera, anagogoda ndi chala, chala n'kulowa. Anandiuza kuti kuwotcherera kumafuna pogwira, ndipo iye saona pogwira.

Komabe musaganize kuti galimotoyi ikungokhala. Boneti yake, poti ndi yaitali ndipo imatentha bwino ndi dzuwa, mayi a kunyumba amayanikapo ufa, ndipo akuti palibe mphasa imene ingafanane nayo. Kumbuyo kwa mawindo a m'mbali kuli timizere tachitsulo toimirira, timene akatswiri a ku Germany anaikapo kuti windo lakumbuyo lifupike, lizitha kutsika lonse. Sankadziwa kuti akukonzera mthunzi thadzi lathu lakuda. Linalowa pa bowo la dzimbiri lija, linayendera mipando yonse, n'kusankha wakumbuyo, wachikopa. Laswa kale anapiye kanayi m'menemo. Tambala wake amagona padenga, ndipo m'bandakucha amalira ataponda pamene pakanakhala mutu wanga. Ameneyo ndiye tambala yekhayo wotsala m'dziko muno amene angakugulireni kanthu. Iye amalira mokhulupirika tsiku lililonse kuti kwacha, kwacha, osadziwa kuti inagwa.

Mayi a kunyumba amagulitsa mazirawo pakhonde. Ndikawerengera bwino, pa anthu onse okhudzidwa ndi Benz imeneyi, amene waonapo ndalama yogwirika ndi nkhuku.

Koma tibwerere ku chuma changa. Sabata yatha ndinaperekeza mayi ku banki m'khonde, ndinapempha kulankhula, ndipo ndinafotokozera amayi a gululo kuti ndikufuna ngongole, chikole chake ndi K910,800 imene ndimapulumutsa mwezi uliwonse. Amayi osunga bokosi anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Anandifunsa ngati ndalamazo zili kubanki kapena pafoni. Ndinati zili m'thanki. Anafunsa ngati m'thankimo muli kanthu. Ndinati mulibe, ndipo m'menemo ndiye muli phindu. Anapempha kuti wina atsegule ndi pemphero kachiwiri.

Anthu osauka ndi ovuta kuwaphunzitsa za chuma. Alamu anga ali ndi ka Mira, kainjini kake 660cc, kongonunkhiza mafuta. Nawonso akaimika sabata ino chifukwa cha mtengo wa petulo, ndipo anabwera kudzadzitama kuti ayamba kupulumutsa ngati ine. Ndinawamvera chisoni. Munthu ungaimike Mira chaka chathunthu, zimene wapulumutsa sizingafike zimene ine ndimapulumutsa pofika Isitala. Kuti upulumutse zambiri uyenera kuimika galimoto yakumwa kwambiri. N'chifukwa chake ndayamba kufunsafunsa za Jaguar XJ-S, ya ku England ija ya masilinda 12 ndi malita 5.3. Ndikaipeza yakufa bwinobwino, yoti ngakhale mneneri sangaidzutse, n'kuiika pa njerwa pambali pa Benz, ndiye kuti pofika chaka chamawa ndikhala ndikupulumutsa ndalama zoposa malipiro a nduna. Ndinawauza mayi a kunyumba maganizo amenewa. Anati tsiku limene akazi achitatu adzalowe pageti, iwo adzatulukira pageti lomwelo, ndipo nkhuku adzatenga.

Ngakhale boma linayamba kunditsanzira mu Novembala 2023, kungoti mwamantha. Akuluakulu anawadulira theka la mafuta amene ankalandira, ndiponso maulendo akunja anayamba aima mpaka Malichi 2024. Theka lokha! Ine ndinadula onse mu 2019, popanda kuitana atolankhani. Mwezi womwewo wa Novembala 2023 a IMF anavomera kutibwereka madola pafupifupi 175 miliyoni pa zaka zinayi, koma palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo amene wabwera kudzaona njerwa zanga kuti aphunzirepo kanthu.

Madzulo ena ndinapita dala kumalo omwetsera mafuta kukaonerera anthu akutaya ndalama. Mzere unali utakhota mpaka kuseri kwa msika. Ndinkayenda m'mbali mwake manja ali m'thumba ngati mwini esiteti, mpaka ndinafika pa mnyamata wa kabaza uja wa pansi pa mango. Anali atagona pa njinga yake, chipewa chili kumaso. Anati wafika m'bandakucha, sananyamule munthu ndi mmodzi yemwe, ndipo mwini njinga akufuna ndalama yake ya tsiku madzulo omwewo, mafuta apezeke asapezeke.

Pamenepo mluzu unandithera. Masamu anga ndi opusa, ndikudziwa, ndipo mayi a kunyumba akudziwa kuposa ine. Koma ine ndimapusitsa nawo anthu asanu ndi nkhuku. Amene amatiuza pa wailesi kuti kugwa kwa kwacha kutithandiza kugulitsa zambiri kunja, atiuze kuti tigulitsa chiyani chimene sitinkagulitsa. Fodya, tiyi ndi shuga ndi zomwe zija tinkatumiza Benz yanga ili yatsopano. Feteleza amene mlimi amamufuna mvula ikamayamba amagulidwa ndi dola. Mankhwala a m'chipatala ndi dola. Lamba wa chigayo ndi dola. Ambulansi imene yakhala pa njerwa kuseri kwa chipatala chifukwa cha kachitsulo kamodzi si nthabwala ngati galimoto yanga, pali mayi woyembekezera amene akukwera njinga usiku chifukwa cha iyo. Malipiro a mphunzitsi anagona ali ndalama, anadzuka atachepa, iye osalakwira munthu. Ndipo amene amatiuza kuti timange malamba amanena zimenezi atatsika m'galimoto ya masilinda 8 ngati yanga, kusiyana kwake n'kwakuti yawo imayenda, ndipo amene amaidzaza thanki ndi mnyamata wogona pa njingayu kudzera m'misonkho. Chaka chilichonse amatiuza kuti changotsala n'kapulasitiki. Ine mawu amenewo ndimawadziwa bwino, ndine ndinawayambitsa, ndipo ndikudziwa zimene amatanthauza.

Ndinamugulira mnyamatayo chimanga chootcha ndi ndalama yeniyeni, yochokera m'mazira.

Nditafika kunyumba ndinapeza galimoto yapendekeranso. Njerwa ziwiri za kutsogolo kumanja palibe. Mayi a kunyumba akuti sanaone kanthu, koma ndaona kuti makala atakwera mtengo iwo ayamba kuphikira nkhuni kuseri, ndipo mafuwa awo awiri ndi a makona anayi. Sindinafunse zambiri, poti munthu wopulumutsa K11,840,400 pachaka sakangana ndi mkazi wake chifukwa cha njerwa.

Tsono inu awerengi, makamaka amene muli ndi abale ku Johannesburg kapena ku Germany obwera pa Khirisimasi: timapulasitiki ta tcheni cha injini yangayi, ya mtundu wa M117, n'topepuka, tingalowe m'sokosi. Ndikufunanso matayala anayi a 205/70 R14, ngakhale akutha, ndi njerwa ziwiri zootcha bwino. Kulipira ndilipira ndi mazira, koma mudikire kaye, chifukwa thadzi lakhalira ndipo salola munthu kutsegula chitseko chakumanzere mpaka masiku 21 atakwana.